Chala cha Atate M'kamwa Mwanga

Fodya akayamba kuuma m'chigafa amatulutsa fungo lotsekemera pang'ono, lokanda kukhosi, lokakamira m'zovala ngakhale uzichape kawiri. Kwathu, m'midzi ya kuseri kwa Ludzi, fungo limeneli linkatanthauza kuti njala yatha, masika afika. Ine ndikalimva mpaka lero, malovu amadzaza m'kamwa ngati ndanyambita msomali. Chaka chomwe ndinali mu Sitandade 4, ndili ndi zaka khumi, m'mawa uliwonse ndinkadzuka ndi zinthu ziwiri: fungo la fodya wa atate lolowera pa kazenera, ndi magazi m'kamwa mwanga.

Nyumba yathu inali ya zidina, yofolera udzu, pamudzi wa kwawo kwa amayi. Atate, a Simoni, anali mkamwini. Kwawo kunali kwa Mavwere, ulendo wa theka la tsiku pa njinga. Anali atakhala pamudzipo zaka zoposa khumi, koma ankayendabe m'mbalimbali mwa bwalo ngati munthu wobwera dzulo. Sanali wolankhulalankhula. Anali ndi manja akuluakulu, ong'aluka m'zikhatho, akuda ndi utomoni wa fodya. Ankalima, ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, ndipo ankazula mano. Pulayazi yomwe ankakonzera njinga ankayamba aikwecha ndi mchenga, n'kuiwiritsa m'kachitini ka madzi a mchere, kenako n'kumukhazika wodwalayo pa mtondo wogoneka. Anthu ankachokera kutali atamanga nsagwada ndi mpango, ndipo ankabwerera akulavula koma akuthokoza.

Komatu mwini wake wa ife ana sanali atate ayi. Anali atsibweni a Gelevazio, mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba. Nkhani ya sukulu, ya matenda, ya ukwati, zonse zinkathera pakhonde pawo. Anali munthu wa mawu akuluakulu, wanthabwala, wosaumira. Akamachokera kudimba sankalephera kunditengera nzimbe. Ndisabise, nthawi imeneyo ndinkawakonda atsibweni kuposa atate. Atsibweni ankandiseketsa, pomwe atate ankangondiyang'ana.

Matendawo anayamba mvula ili mkati. Tsaya langa lakumanja, cha m'munsi, linayamba kutupa pang'onopang'ono. Silinkapweteka kwenikweni, linkangotentha ndi kulemera. Kusukulu anzanga ankati ndabisa mbatata m'tsaya ngati nyani, ine n'kumawathamangitsa ndi miyala. Kenako dzino lakumbuyo linayamba kugwedera, ndipo nkhama za pamenepo zinkachucha magazi popanda chozikhudza. Ndikagonera mbali imeneyo ndinkamva kaphokoso m'khutu, fuu, fuu, fuu, ngati wina akupemerera moto kuseri kwa khoma. Amayi sanade nkhawa. Mwana wa zaka khumi mano amagwedera, ndipo ozula anali pakhomo pomwepo.

Tsiku lina m'mawa atate anawiritsa pulayazi yawo, anasamba m'manja, n'kundikhazika pa mtondo paja. Ndinali wokondwa kuti nanenso lero ndine kasitomala. Analowetsa chala, n'kulidinikiza dzino lija. Linalowa pansi ngati phazi pa dambo, ndipo atachotsa chala linakweranso lokha. Anabwereza kachiwiri. Kachitatu anangochisiya chalacho pomwepo kwa nthawi yaitali, maso ali kumwamba, ngati akumvetsera ng'oma ya kutali.

"Likugunda," anatero.

"Likugunda chiyani?" anafunsa amayi ali pa khomo la khitchini.

"Ngati mtima. Ndiponso ili si la mkaka ayi. Ili sindizula."

Anataya madzi a mchere aja, n'kubwezera pulayazi m'bokosi. Mawa lake anandikweza pa kaliyala ya njinga kupita ku kachipatala kapafupi. Kumeneko adokotala wina wachinyamata anandiunika m'kamwa ndi tochi, anagwira tsaya langa, kenako anandiuza kuti ndikadikire panja. Ndinakhala pa benchi n'kumasirira mayi wogulitsa zitumbuwa. Zomwe anakambirana m'katimo ndinadzazimva patapita zaka zambiri. Adokotala aja anawauza atate kuti dzinolo asalizule, wina aliyense asalikhudze, apite nane ku boma akandijambule fupa, ndipo podikira ulendowo aziona ngati magazi akuchuluka kapena ayi. Anawapatsa kalata, atate n'kuipinda kanayi n'kuiika m'thumba la malaya.

Kalatayo inakathera pakhonde pa atsibweni. Amayi awo, omwenso anali amayi a amayi anga, anapita kuchipatala chachikulu ndi mimba yotupa ine ndisanabadwe, anachitidwa opaleshoni, ndipo anabwerako ali m'bokosi. Kuyambira pamenepo atsibweni ankati munthu wa mbumba yawo sadzagonekedwanso pa tebulo la mipeni. Anaiyang'ana kalatayo uku ndi uku, n'kuibweza.

"Alamu, inu mwazula mano a mudzi wonse uno, mpaka a anthu a ku Zambia. La mwana wanu lokha ndiye likufuna galimoto? Dzino ndi dzino. Lizuleni, mwanayu apume."

Atate anayankha motsitsa kuti dzino limeneli ndi lina. Atsibweni anaseka, ndipo omwe anali pakhondepo anaseka nawo. Lero wina angafunse kuti bwanji atate sanangondinyamula n'kupita nane. Wofunsa choncho sanakhalepo pachikamwini. Mkamwini akatenga mwana popanda mawu a mwini mbumba, mwanayo n'kukafera kumeneko, mlandu wake sutha, umatsata ndi abale ake omwe. Atate anaika kalata ija m'buku la mapemphero n'kuganiza zodikira. Ankati fodya akachoka adzaitana ankhoswe a kwawo adzakambirane bwinobwino.

Choncho tinalowa m'nyengo yosankha fodya, ine ndi tsaya langa. Mphepo ya m'mawa inayamba kuluma, udzu wa m'mbali mwa njira unafiira, ndipo m'mudzi monse munkamveka kuphulika kwa chimanga chokazinga. Tikaweruka kusukulu tinkakhala m'chigafa pa ziguduli, tikuwongola masamba pa bondo, kupatula aatali ndi aafupi, owala ndi akuda. Fumbi la fodya linkatiyetsemulitsa, ndipo ine ndikayetsemula ndinkalavula zofiira. Chaka chimenecho fodya wa atate anachita bwino modabwitsa. Masamba anali aatali ngati mkono, ofewa, ofiirira bwino, pomwe wa anthu ena anali atapsa ndi ng'amba ya mu Febuluwale. Atate ankathira manyowa a khola kuyambira mu Okutobala anzawo ali ku mowa, koma zimenezo palibe ankazikumbukira. Odutsa ankasuzumira m'chigafa n'kunena kuti "koma chaka chino mwatola," mawuwo akutuluka mbali imodzi ya pakamwa.

Dzino lija tsopano linkandisautsa. Masika ndi nthawi yomwe mwana wa kumudzi amatafuna tsiku lonse, koma ine chimanga chowotcha, mtedza wauwisi, nzimbe, zonse ndinkangoziona kwa anzanga. Ndinkamwa phala ndi kudya maungu ofewa ngati nkhalamba. Ndinawachonderera atate kangapo konse. Ndinkawaona akuzula dzino la munthu wachilendo, wobwera ndi nkhuku kukhwapa, ine mwana wawo ndili poteropo ndikumeza magazi, ndipo mtima wanga unkawawa kuposa tsaya. Tsiku lina ndinatenga ulusi wosokera fodya, ndinakabisala kuseri kwa nkhokwe, n'kuyamba kuukulunga pa dzinolo. Atate ananditulukira. Anandimenya pa dzanja mpaka ulusi unagwera uko, ndipo aka kanali koyamba kuti andimenye. Ine ndinaona ukali basi, ndipo ndinatha masiku atatu osawalankhula.

Panali chinthu chinanso chomwe ankachita. Anang'amba malaya awo akale oyera kukhala tinsalu ting'onoting'ono, ndipo madzulo aliwonse ankandipatsa kamodzi kuti ndiyale pansi pa tsaya pogona. M'mawa, amayi asanabwere kuchokera ku mjigo, ankabwera kudzakatenga. Ankakatambasula pa kuwala kwa pakhomo, n'kukayang'anitsitsa, kukapinda, n'kutuluka nako. Tsiku lina ndinawatsata. Analowa m'chigafa, anasolola tinsalu tina m'udzu wa denga, anatiyala pa bondo motsatizana ngati akusankha fodya, kenako anatibwezera tonse m'dengamo. Sanandiuze chifukwa chake, ndipo ine sindinafunse, poti tinali titadana.

Amene anandifunsa ndi atsibweni. Anandiitana pakhonde pawo Lamlungu lina titabwera kutchalitchi, anasenda nzimbe, n'kuidula tizidutswa ting'onoting'ono toti ndizingoyamwa. Anandifunsa ngati atate amandipatsa mankhwala ena alionse, ngati amandilankhula zachilendo. Ndinati ayi, amangotenga tinsalu ta magazi anga n'kukatisunga m'chigafa. Mpeni wa atsibweni unaima pa nzimbe. Anandifunsanso kachiwiri, ine n'kubwereza, ndikuwonjezera ndi momwe ankatiyalira pa bondo. Ndinaona kuti ndanena chinthu chachikulu, ndipo ndinasangalala kuti munthu wamkulu akundimvetsera ndi makutu onse awiri.

Madzulo omwewo atsibweni analowa m'chigafa ndi amuna ena awiri, n'kutuluka ndi tinsalu tija m'manja. Tinali titauma gwa, tofiirira ngati fodya yemweyo. Anatiyala pabwalo anthu akuona. Mwana akutha magazi tsiku ndi tsiku, bambo wake akukana kumuzula dzino, magaziwo akusungidwa pamwamba pa fodya, fodyayo wachita bwino kuposa wa aliyense. Kwathu nkhani yotere sifuna womasulira. Mawu oti kukhwima sanatchulidwe mokweza tsiku limenelo, koma pofika mawa lake anali pa mjigo, kuchigayo, ndi kusukulu kwathu komwe.

"Anandiuza a kuchipatala kuti ndiziona ngati magazi akuchuluka," anatero atate. "Ndimafanizira la dzulo ndi la lero. Ndinabisa kuti mayi wake asamaone, komanso kuti wina asatole."

"Kuchipatala anakuuzaninso kuti muzisunga m'chigafa?" anafunsa atsibweni.

Atate sanadzabwerezenso kufotokoza. Kuyambira tsiku limenelo pansi pa mango panalibenso njinga yodikira kukonzedwa. Azimayi ankakokera ana awo kutali akamadutsa pa chigafa chathu. Amayi sanawanene atate chilichonse, koma anasiya kuwayang'ana kumaso, ndipo madzi osamba ankangowasiyira kubafa osawaitana. Ankalira akusinja, misozi ikugwera mu mtondo. Nanga ine? Ine ndinakhulupirira atsibweni ndi mtima wonse. Atate akabwera ndi kansalu madzulo ndinkakaponyera pansi, ndipo akayandikira ndinkatseka pakamwa ndi manja onse awiri.

Tsiku lomwe zinthu zinavuta linali Loweruka, mu Juni, kunja kuli mitambo yotsika ndi kamphepo kozizira. Atate anali atamaliza kudinda mabelo awo, ndipo m'mawawo ankawakweza pa ngolo ya a Tembo, oyandikana nawo munda, kuti akawatule kumsewu. Anali chapafupi ndithu, kuseri kwa nsungwi, moti tinkamva belu la ng'ombe. Atsibweni anafika pakhomo pathu, analowa m'nyumba ngati mwawo, n'kutuluka ndi pulayazi ya atate. Anati akazula dzinolo ndiye kuti atseka njira yomwe magazi a mwana akubedwera. Amayi anazengereza pang'ono, nati mwina tidikire eni ake. Atsibweni anawayang'ana kamodzi kokha, amayi n'kukatenga madzi a mchere.

Palibe anandikakamiza. Ndinathamangira ndekha pa mtondo paja n'kuyasamula mpaka nsagwada kulira. Amayi anagwira mutu wanga n'kuutsamiritsa pamimba pawo, ndipo ndikukumbukira fungo la utsi ndi sopo pa chitenje chawo. Chitsulo chinali chozizira. Atsibweni anakonzeka kukoka ndi mphamvu, koma dzinolo linangotsatira pulayazi ngati chinangwa cha m'dothi lonyowa. Anali atayamba kale kuseka, akulikweza m'mwamba kuti amayi alione.

Kenako m'kamwa mwanga munadzaza kutentha. Ndinayesa kulavula, koma sizinali zolavula. Magazi anatumphuka n'kukagwera pa malaya a atsibweni, n'kudukiza, n'kutumphukanso, motsatira kaphokoso kaja ndinkamva m'khutu. Amayi anandimwetsa madzi a mchere, onse anabwerera ofiira. Anandilumitsa nsonga ya chitenje, inanyowa nthawi yomweyo. Wina anabwera ndi phulusa, wina anafuula zoti atafune masamba a chakuti. Ndinkameza kuti ndipeze mpweya, ndikutsamwa, ndipo ndinaona nkhuku zikuthamangira pa dothi lomwe linali litada pansi pa mapazi anga. Atsibweni anangoima, manja ali lende. Amayi ndi amene anakuwa, ndipo sanaitane mlongo wawo ayi, anaitana dzina la atate.

Sindinawaone akubwera. Ndinangomva mawu awo pamwamba panga, okwera kuposa momwe ndinawamverapo.

"Dzino lili kuti? Ndati dzino lili kuti?"

Linali pansi, likadali pakamwa pa pulayazi. Analitola, analiviika m'madzi a mchere otsala aja, analikulunga ndi kachidutswa ka nsalu komwe anang'amba ndi mano pa malaya awo. Anakhala pansi, anandikokera pakati pa miyendo yawo, n'kundipana ndi mawondo kuti ndisaphiriphithe. Kenako analibwezera dzino lija m'dzenje momwe linachokera, n'kulikanikiza ndi chala chachikulu, zala zinazo zitagwira kunsi kwa chibwano. Ululu umenewo sindinaumvenso, ngakhale pobereka ana anga atatu. Ndinawaluma, ndinawakanda m'mikono, ndinawamenya ndi zidendene. Sanasunthe. Nkhope yawo inali pafupi ndi yanga, youma ngati mwala, ndipo ine ndinkadziwa ndithu kuti munthu uyu akumalizitsa zomwe anayamba.

Magazi anachepa, anasanduka kamzere kotsika pa dzanja lawo mpaka pa chigongono. Atate anafuulira a Tembo kuti atsitse mabelo onse abwere ndi ngolo. Anakwera nane chondinyamula, chala chikadali m'kamwa. Amayi anathamangira m'nyumba, anatenga kalata ija m'buku la mapemphero, n'kudumphira kumbuyo. Ulendowo ndimaukumbukira mwa zidutswazidutswa: mitambo yotuwa ikugwedezeka, mkwapulo wa a Tembo, kuzizira kwa mapazi anga, ndi kukoma kwa utomoni wa fodya pa chala cha atate. Ngolo ikagwera m'dzenje chalacho chinkakanikiza kwambiri, ine n'kumabuula. Mabelo aja anakhala pambali pa njira masiku anayi, chifukwa panalibe wofuna kukhudza fodya wokhwimira.

Kuchipatala cha mishoni namwino anawauza atate kuti achotse dzanja aone. Anakana. Anabwera adokotala, anawerenga kalata ija, anasuzumira m'mbali mwa chala, n'kunena kuti, "Bambo, musachotse. Mukatopa munene, wina alowe m'malo mwanu." Sananene kuti atopa. Anandiika diripi, anatikweza ambulansi kupita ku boma, ndipo kumeneko ndi komwe anandilongedza m'kamwa nsalu zawo za kuchipatala n'kusoka. Amayi amati pomwe atate ankatulutsa chala dzuwa linali litapendeka, ndipo chinali chitauma chopindika, ndi mabala a mano anga mbali zonse ziwiri. Anachita kuchiwongola namwino m'madzi ofunda.

Patapita masiku awiri anatitumiza ku Lilongwe. Kumeneko anandijambula, ndipo adokotala wamkulu anawaonetsa amayi chithunzi cha nsagwada yanga pa galasi lowala. Anati m'kati mwa fupa munali chotupa cha mitsempha ya magazi. Timitsempha tinapotana n'kuchulukana mpaka kulidya fupalo m'kati, n'kulisiya ngati chigubu chodzaza magazi, ndipo dzino lija linali ngati chitsononkho chotsekera pakamwa pa chigubucho. Anati si khansa, sichifalikira m'thupi, ndipo mwina ndinabadwa nacho. Munthu angakhale nacho zaka osadziwa, koma tsiku lomwe wina wazula dzino la pamwamba pake, mwini dzinoyo akhoza kufera pampando pomwepo. Anafunsa kuti anaganiza zobwezera dzino ndani. Amayi anangoloza kukhonde komwe atate anakhala, n'kuphimba nkhope ndi chitenje.

Anandichita opaleshoni. Anamanga mtsempha wa m'khosi, n'kudula chigawo cha nsagwada pamodzi ndi mano atatu. Ndinadzuka mutu wonse uli m'mabandeji, ndikudyera m'kapaipi. Ndinakhala m'chipatalamo milungu isanu ndi umodzi, amayi akugona pansi pa bedi langa pa katoni. M'wodimo munkanunkha mankhwala otsukira pansi ndi nyemba za kukhitchini. Atate ankabwera Lachitatu lililonse. Ankavula chipewa pakhomo, n'kuima kumiyendo kwa bedi ndi nthochi zakupsa kwambiri m'kajumbo, zoti amayi andikanyire. Ine ndikangowaona ndinkatembenukira kukhoma. Amayi ankandinong'oneza kuti, "Velonika, atate ako abwera, tawapatsa moni." Ndinkatseka maso. Amayi anayesa kundiuza zomwe adokotala ananena, koma za mitsempha sizinkalowa m'mutu mwanga. Zomwe thupi langa linkadziwa zinali mawondo ondipana ndi chala chondibaya. Atate ankaima pamenepo mpaka belu lotulutsa alendo, ndipo nthochizo ankadya mwana wa pa bedi loyandikana nalo.

Tinabwerera kumudzi mu Ogasiti, mphepo ya fumbi itayamba, minda ili mbee. Anthu anabwera kudzandiona, anadabwa ndi nkhope yanga yopendekera kumanja ndi chipsera chotsika mpaka m'khosi. Amayi anafotokoza za chigubu ndi chitsononkho kwa aliyense wofuna kumva. Ena anagwedeza mutu, ena anati ndi zoona azachipatala amadziwa, komabe munthu amadziwa kutseka chomwe anatsegula yekha. Atsibweni anabwera ndi nkhuku yoti andiphere. Anali ataonda, nthabwala zitawathera, ndipo sankatha kundiyang'ana kutsaya. Koma kupepesa kwa mkamwini pamaso pa mbumba yawo kunawakanika. Ankangoti zinachitika basi, tithokoze Mulungu mwana ali moyo. Akakumana ndi atate panjira ankapatukira ku tchire ngati akukadzithandiza.

Atate anadikira mwezi wathunthu. Sindikudziwa ngati ankadikira atsibweni, kapena amayi, kapena ine. Anakonza denga la khitchini, anamata nkhokwe, anatema nkhuni zambiri n'kuziunjika kuseri kwa nyumba. Kenako m'mawa wina ndinawaona akumanga khasu, bulangete ndi bokosi la zitsulo pa kaliyala. Amayi anali m'nyumba, chitseko chili chotseka. Panalibe kukangana, panalibe ankhoswe. Ine ndinali pakhonde ndikuwothera dzuwa, nditafunda chitenje kumutu kubisa chipsera.

Anaimika njinga, anabwera, n'kunjuta patsogolo panga. Manja awo anawaika kumbuyo, ndikuganiza kuti ankafuna ndione kuti sandigwira.

"Velo, tayasamula pang'ono ndione."

Ndinaluma mano omwe ananditsalira, n'kuyang'ana pansi. Anadikira. Nkhuku inadutsa pakati pathu, kumjigo kunkamveka kulira kwa chitsulo, iwo ali chinjutire. Ananenanso kachiwiri, motsitsa kwambiri, kuti angoona basi. Ndinakoka chitenje n'kutseka pakamwa.

"Chabwino, mayi. Uzitafunira kumanzere."

Anaimirira, mawondo awo analira, ndipo anakankha njinga mpaka kuseri kwa nsungwi osaikwera. Chaka ndi chaka ankatumiza thumba la mtedza ndi makope a sukulu kudzera kwa anthu a pa msika, koma pamudzipo sanapondenso. Ine ndinkati ndikadzakula ndidzapita kwa Mavwere. Anamwalira ndili Fomu 2, chifuwa chitawagwira nyengo yozizira, ndipo uthenga unatipeza ataikidwa kale.

Zambiri ndinadzazimva ndili mayi, amayi atakalamba n'kuyamba kumasuka pakamwa. Ndi pomwe anandiuza zomwe adokotala wa tochi uja ananena, ndiponso kuti ena mwa magazi omwe anandiika ku boma anachokera pa mkono wa atate, tsiku lomwelo, asanadye kanthu. Atsibweni ndinawakhululukira kalekale. Anali munthu wamantha yemwe ankandikonda, ndipo mantha awo anali ndi manda ake. Amene ndimavutika kumukhululukira ndi kamtsikana kofunda chitenje pakhonde paja, ngakhale ndikudziwa kuti kanali ndi zaka khumi zokha.

M'mawa womwe ankachoka uja ndinkaganiza kuti atate akufuna kulowetsanso chala chawo, ndipo nditawakaniza ndinadziona ngati ndapambana. Lero ndikudziwa kuti munthu amene wagwira bala la mwana wake kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka sangachoke mtima uli m'malo asanalione. Sankafuna kupepesedwa ndi ine, sankafunanso moni. M'kamwamo munali mutapola bwinobwino, nkhama zitamera zosalala, popanda ndi kadontho komwe. Ndikanangoyasamula, akanaona. Anakankha njinga yawo mpaka kwa Mavwere osadziwa.